Foni Yadzaza Mabuku, Mbozi Ikudyabe Chimanga

Pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka cha 2022 tinapita kwathu ku Ulongwe tili atatu, tonse ophunzira a pakoleji pano. Amene munayendapo msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi mukupadziwa: ndi pamene alendo opita ku Mvuu amakhotera kulunjika ku mtsinje wa Shire. Ndi dera la Mfumu Kalembo m'boma la Balaka, dera lotentha, la malambe ndi thonje, kumene mvula ikagwa bwino chaka chino palibe angalonjeze za chaka chamawa.

Januwale atangoyamba, chimanga chitafika m'mawondo, amalume a mmodzi wa ife anatiitanira kumunda. Masamba anali obookabooka, ndipo pamtima pa phesi panali zinthu zonga utuchi wonyowa. Amalumewo anagwira phesi limodzi n'kuliweramitsira kwa ife.

"Inu asukulu, tandiuzani. Chimenechi ndichite nacho chiyani?"

Tonse atatu tinapisa m'matumba n'kutulutsa mafoni. Pankhaniyi sitinali mbuli ayi. Tinkadziwa kuti mboziyi, imene ambiri amangoitchula kuti ntchemberezandonda, dzina lake la sayansi ndi Spodoptera frugiperda. Tinkadziwa kuti kwawo ndi ku America, kuti mu Africa inayamba kuoneka chakumadzulo mu 2016, ndiponso kuti mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha iyo. Mmodzi wa ife anali ndi buku lonse la alangizi m'foni, ndipo analigwiritsapo ntchito polemba asainimenti imene anakhoza bwino kwambiri. Zonsezi tinawafotokozera amalume, uku tikuwazamo Chingerezi. Iwo anamvetsera mwaulemu mpaka tinamaliza, kenaka anati, "Zikomo. Ndiye ndichite chiyani?"

Anatipulumutsa ndi mayi wa munda woyandikana nawo, amene sukulu analekezera Sitandade 6. Anatsegula mtima wa phesi ndi zala n'kutulutsa mbozi. Anatembenuza tsamba lina n'kutionetsa kaguluka ka mazira, n'kukatswanya pomwepo. Anati m'munda muziyenda kawiri pa sabata, m'mamawa kapena dzuwa likapepa, chifukwa masana mboziyi imabisala mkati. Anati mukaipeza muthire dothi kapena mchenga wosakaniza ndi phulusa pamtima pa phesi, ndipo ngati mwagula mankhwala, mupopere mbozi zikadali zazing'ono, ndipo muloze pamtima pomwepo, osangonyowetsa masamba. Zimenezi anati anaziphunzira kwa mlangizi tsiku limodzi pansi pa mtengo, ndipo wakhala akuzichita zaka zingapo.

Madzulo ake tinatsegula buku lija. Zonse zimene mayi aja ananena zinalimo, zina mpaka ndi zithunzi. Mnzathuyo anali atazilemba mzere kunsi ndi mtundu wachikasu.

Kuchokera tsiku limenelo takhala ndi maganizo amene angamveke achilendo m'magazini ya pakoleji: ambiri a ife tichepetseko kuwerenga, kuti nthawi yotsalayo tichite nazo kanthu zimene tinawerenga kale.

Tikudziwa kuti wina wakwinya kale nkhope. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, odziwa kulemba ndi kuwerenga m'dziko muno sakwana 70. M'masukulu ambiri a pulaimale ana amaunjirira buku limodzi ngati akuwotha moto. Anthu amatiseka kuti ukafuna kum'bisira chinthu Mmalawi uchiike m'buku. Ndiye wophunzira wa pakoleji aimirire n'kumati tichepetse kuwerenga? Wotsutsayo ali ndi mfundo, ndipo sitikumukanira. Mwana wa Sitandade 4 ku Ulongwe amene sanagwirepo buku lakelake sakufunika malangizo athuwa. Iye akufunika mabuku, ambiri ndithu, ndipo ngati muli nawo amene akungodya fumbi, mupatseni. Ife tikulankhula ndi anzathu amene njala yawo ya mabuku inatha tsiku lomwe anagula foni ya intaneti, koma akudyabe ngati anjala. Munthu amene wagona ndi njala masiku ambiri akafika paphwando amadzaza mbale yoti sangaimalize, ena mpaka kuika nyama m'thumba.

Tayang'anani m'foni mwanu. M'gulu la WhatsApp la kalasi mumagwa mafayilo tsiku ndi tsiku: manotsi a chaka chino, manotsi a chaka chatha, a koleji ina, buku la masamba 600 limene wina wati n'lothandiza. Onse timasunga. Pamwamba pake pali mabuku a mmene munthu angalemerere, mmene angasungire nthawi, mmene angakhalire mtsogoleri, ndi mavidiyo a YouTube a anthu ovala masuti otiuza kuti tizidzuka 4 koloko. Buku lina tiwerenga mitu iwiri, mnzathu atiuza za lina, tisiya loyambalo. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Choipa kwambiri n'chakuti kusunga fayilo kumatipatsa mtendere wa mumtima wofanana ndi wa munthu amene wagwira ntchito. Ukamaliza mutu wonena za kusunga ndalama umamva ngati wasunga kale. Mmodzi wa ife, sititchula dzina, wawerenga mabuku asanu a nkhani za chuma koma mwezi uliwonse umatha ali ndi ngongole ya mayunitsi, pomwe amayi ake ku banki m'khonde sanaphonyepo sabata yoponya masheya, ndipo malata a nyumba yawo anachokera kumeneko.

Pali Mmalawi mmodzi amene nkhani yake imatchulidwa nthawi zonse anthu akafuna kutilimbikitsa kuwerenga, koma ife tikuona kuti imakambidwa theka lokha. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake atalephera kulipira fizi ya madola pafupifupi 80 pachaka. Anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya kwawo. Kumeneko anapeza buku la sayansi la ku America lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata kwambiri zithunzi, n'kumafananitsa mawu ndi zimene zajambulidwa. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anaimika makina ake pa nsanja ya mitengo ya bulugamu, ndipo babu linayaka.

Apa ndi pamene olankhula pamisonkhano amaimira, n'kunena kuti mwaona mphamvu ya buku. Koma buku lija silinamuuze kuti akatole fani ya thirakitala kudzala la zitsulo. Silinamuuze kuti awotche mapaipi a pulasitiki pamoto n'kuwawongola kuti akhale mapiko, kapena kuti atenge njinga yakutha ya bambo ake n'kumangirirapo dayinamo. Swichi anaipanga ndi labala wa patapata. Pofuna kuteteza nyumba kuti mawaya asayatse moto, anapanga chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito. Anthu a m'mudzi ankamuona akufukula zinyalala n'kumati wapenga. Chilichonse mwa zimenezi chinabadwa chifukwa china chake chinakanika, ndipo chikakanika ankabwerera ku mabuku omwe aja ali ndi funso limodzi lenileni. Mabukuwo anali owerengeka, ndipo ankawabwerezabwereza. Maola ochuluka anathera padzala ndi pansanja.

Sitikutamanda umphawi. Kamkwamba sanasankhe kukhala ndi mabuku ochepa, njala ndiyo inamusankhira, ndipo mwayi utapezeka anaugwira ndi manja awiri: anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anakaphunzira ku Johannesburg, n'kudzamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Komabe makina aja anazungulira iye asanagwirepo intaneti. Ife tili ndi mavidiyo mazanamazana a mmene angapangidwire makina otero, ndipo ambiri a ife babu la m'chipinda likapsa timadikira woyang'anira hositelo.

Ngakhale kwa amene cholinga chake n'kungokhoza mayeso, kuwerenga mobwereza kosachita nako kanthu kumanyenga. Mu 2006 akatswiri awiri a ku Washington University ku St. Louis, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira ndime yoti aphunzire. Gulu lina linaiwerenga m'magawo anayi otsatizana. Gulu lina linaiwerenga m'gawo limodzi lokha, ndipo m'magawo atatu otsalawo linangopatsidwa pepala lopanda kanthu kuti lilembe zimene likukumbukira. Patangotha mphindi 5, owerenga kanayi aja ndiwo anakumbukira zambiri. Koma patatha sabata zinthu zinatembenuka: owerenga kanayi anakumbukira 40 pa 100, pomwe owerenga kamodzi n'kudziyesa katatu anakumbukira 61 pa 100. Chosekesa n'chakuti owerenga kanayiwo ndiwo anali ndi chikhulupiriro chachikulu chakuti adzakumbukira. Maso akazolowera tsamba, mutu umaganiza kuti wadziwa. Ife tinazindikira kuti sitidziwa pamene amalume anatiweramitsira phesi.

Pa tchuthi chomwe chija kunali vuto lina loposa mbozi. Mliri wa kolera umene unayambira m'boma loyandikana nalo la Machinga mu Malichi 2022 unali utafika pachimake, ndipo pofika pakati pa 2023 unali utatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Zimene zimapulumutsa munthu wotsegula m'mimba pamene mukufunafuna njinga yopitira kuchipatala zimakwana pa kapepala kochepa ngati tikiti ya minibasi: paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo ngati Thanzi palibe, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, wodwalayo n'kumamwa pang'onopang'ono njira yonse. Tinadzifunsa atatufe ngati tingathe kusakaniza zimenezi usiku, foni itazima, mwana akufooka m'manja mwa amayi ake. Mmodzi yekha ndi amene anatchula miyeso yolondola, ndipo n'chifukwa chakuti anazichitapo kwa mng'ono wake. Awiri enafe tinali titakhozapo funso limeneli pamayeso.

Titabwerera kusukulu tinapangana lamulo limodzi. Kupatula mabuku a maphunziro athu, palibe wotsegula buku latsopano la malangizo, kaya la ulimi, la ndalama kapena la khalidwe, asanachite chinthu chimodzi chooneka kuchokera m'buku limene ali nalo m'manja. Mwezi woyamba unali wowawa. Zinali ngati kusiya tiyi wa m'mawa. Mnzako akatumiza fayilo yooneka bwino, chala chimayabwa.

Nyengo ya dzinja ya 2023 mpaka 2024 tinapempha amalume kachigawo ka munda wawo, ndipo tinasankha masamba awiri okha a m'buku. Tsamba loyamba linali la kabzalidwe kamene alimi amakatchula kuti Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, zomwe zimapereka mapesi pafupifupi 53,000 pa hekitala. Lachiwiri linali la manyowa a Mbeya: ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, kusakaniza n'kumanga m'thumba la pulasitiki mkati, n'kusunga pamthunzi masabata atatu. Kuwerenga masamba awiriwa kumatenga mphindi 10. Kuwachita kunatitengera miyezi, ndipo tinkasinthana kupita ku Ulongwe pa tchuthi chilichonse chachifupi.

Tsamba silinanene kuti gaga mu Okutobala ndi wosowa ndiponso wodula, chifukwa oweta nkhuku akumufuna, ndipo m'makomo ena chaka chikavuta gagayo ndi chakudya. Linangoti chisakanizocho chikhale chonyowa pang'ono, koma pang'ono wake ndi uti? Thumba loyamba tinachulutsa madzi, ndipo titalimasula fungo lake linathamangitsa ngakhale agalu. Mayi aja ndi amene anatiphunzitsa kufumbata chisakanizocho m'dzanja: chigwirane, koma madzi asadonthe. Tsamba silinanenenso kuti kuika mizere pa masentimita 75 kumatanthauza kugumula mizere yakale ya masentimita 90 imene yakhala pamalo amodzi zaka zambiri, ndipo waganyu adzakuuza mtengo wina akaona chingwe choyezera. Amalume nawo mbewu imodzi paphando sinawakhutiritse. "Nanga mbewa ikafukula imodziyo, mudya chingwe chanucho?" Funso limeneli m'buku munalibe, ndipo ndi funso labwino. Tinasunga mbewu yapadera yopakizira.

Tikanakonda kukuuzani kuti tinakolola ngolo zodzaza ndipo mudzi wonse unabwera kudzaphunzira. Sizinatero. Chimanga chinamera bwino, mizere yowongoka ngati ya pachithunzi, ndipo mbozi tinaigwira msanga chifukwa mng'ono wa mnzathu ankayendera munda kawiri pa sabata monga anatiuzira mayi aja. Kenaka mu Febuluwale mvula inadula. Chinali chaka cha El Niño, ndipo pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko lino analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Chimanga chathu chinapsa chikumasula. Zimene tinakolola sizinabweze ngakhale ndalama ya mbewu ndi ya mayendedwe athu.

Koma m'munda wopsawo munali zinthu ziwiri zoti tione. Kumapeto kwa kachigawo kathu kunali malo amene tinasiya mapesi a chaka chatha atagona pansi, kunena zoona chifukwa cha ulesi, ndipo pamenepo chimanga chinakhala chobiriwira masiku angapo china chonse chitafota. Nandolo amene amalume anabzala m'mphepete sanagonje, ndipo mapira a munda wina wapafupi anabereka. Titaona zimenezi tinabwerera ku mabuku, ulendo uno tili ndi mafunso athuathu: kuphimbira nthaka kumasunga bwanji chinyontho, maenje obzalamo amakumbidwa motani, ndi mbewu ziti zocha msanga zoyenera dera lotentha ngati la Balaka. Mitu imeneyi tinali titaidutsapo kale kangapo osatolapo kanthu. Ulendo uno tinawerenga masamba ochepa, ndipo mpaka lero tikhoza kuwafotokoza foni ili m'thumba, chifukwa chiganizo chilichonse chinali ndi malo ake m'munda amene tinkawaona m'maso.

Chinasinthanso ndi china chimene sitinachiyembekezere. Tinkapita kumudzi ngati anthu obweretsa nzeru. Thumba lonunkha lija litatichititsa manyazi pamaso pa ana, tinayamba kufunsa tisanalankhule. Mabuku a utsogoleri amene tinkaunjika aja onse ali ndi mutu wonena za kudzichepetsa ndi kumvetsera, ndipo tinkauwerenga tikugwedeza mutu. Sitikukumbukira kuti unatisinthapo chilichonse.

Wina afunsa za mayeso. Silabasi ndi silabasi, ndipo mphunzitsi sangakupatse malikisi chifukwa unakumba maenje ku Ulongwe. Zimene zalamulidwa tiziwerenga zonse. Koma manotsi a makoleji atatu pa phunziro limodzi sakuwonjezera kanthu. Sankhani buku limodzi labwino, mulitseke mukamaliza mutu, mulembe zimene mwagwira, ndipo ngati ndinu a zaumoyo kayezeni BP ya agogo, ngati ndinu a zamalonda kawerengereni achemwali anu phindu lenileni la mandasi awo mutachotsa mafuta, nkhuni ndi tikiti ya pamsika, ngati ndinu a uphunzitsi sonkhanitsani ana asanu a Sitandade 8 pakhonde muone ngati njira imene munalemba pamayeso ikugwira. Ndiponso sitikulimbana ndi nthano, ndakatulo kapena mbiri. Buku lowerengera kukoma ndi ngati kucheza ndi mnzako pamphasa madzulo, palibe amafunsa kuti mwapindulanji. Amene tikuwachepetsa ndi mabuku olonjeza kutisintha, amene timawameza motsatizana ngati mapiritsi, wina asanagwire ntchito tameza kale wina.

Lamulo lathu lija timaliswa nthawi zina, makamaka bando ya usiku ikatsika mtengo. Komabe mmodzi wa ife anafufuta mafayilo oposa 200 amene sanawatsegulepo chiwasungire, ndipo palibe ngakhale imodzi imene waifunapo. Pa tchuthi chapitachi tinapezanso amalume ali pakhonde akupeta chimanga chochepa chimene anagula, ufa wa anankafumbwe ukuuluka m'lichero. Anatiyang'ana, n'kuyang'ana matumba athu a mathalauza ngati akudikira kuti mafoni atuluke.

"Nanga za anankafumbwe, asukulu, mwawerengako?"

Tinawauza kuti tawerenga tsamba limodzi, lonena za matumba osalowa mpweya aja a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amene tizilombo timafera momwemo popanda kuthira mankhwala. Anafunsa mtengo wake, anapukusa mutu, kenaka anati tigule awiri okha, ndipo thumba lachitatu likhale la masiku onse, tidzamasule onse atatu tsiku limodzi mu Disembala, iwo ali pomwepo.